Mkodzo ukamakupanani mwafika kale pakhomo: mmene ndinaphunzitsira chikhodzodzo changa kudikira

Ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba zaka zoposa 30. Kwathu ndi ku Dedza, koma nditapuma ndinakhazikika kuno ku Katawa mu Mzuzu, kumene ana anga anakulira. Tsiku lina m'mwezi wa June, nkhungu itakuta mzinda wonse, ndinkachokera kumsika nditanyamula kabichi ndi mbatatesi. Njira yonse ndinayenda bwinobwino. Nditangofika pakhomo n'kupisa dzanja m'chikwama kufuna makiyi, mkodzo unandipana mwadzidzidzi moti sindinafike kuchimbudzi. Zinachitikanso sabata yotsatira, kenako zinayamba kuchitika pafupipafupi. Ndinayamba kudzimana madzi. Ndinkalowa kuchimbudzi ndisanapite kulikonse, ngakhale mkodzo kulibe. Ndinasiyanso kupita ku Umanyano, umene kwathu timati Chigwirizano, poopa kudziwonongera pakati pa amayi anzanga.

Zonsezi zinangokulitsa vutolo. Chimene chinandithandiza ndi kubwerera ku zimene ndinaphunzira ndili mtsikana kusukulu ya unamwino, zoti chikhodzodzo sichidzilamulira chokha. Chimamvera minyewa ndi ubongo, ndipo chinthu chomvera chimatheka kuchiphunzitsa.

Mkodzo umapangidwa ndi impso ziwiri zimene zili kumsana, m'munsi mwa nthiti. Pa tsiku limodzi impsozi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi, koma pafupifupi onsewo zimawabwezera m'thupi, n'kungotsala lita imodzi kapena awiri amene amakhala mkodzo. Mkodzowo umatsika pang'onopang'ono usana ndi usiku kudzera m'timachubu tiwiri totalika masentimita 25 mpaka 30, n'kukalowa m'chikhodzodzo, chomwe chili kuseri kwa fupa la pachinena. Khoma la chikhodzodzo ndi mnofu wotamuka umene achipatala amautcha detrusor. Mwa munthu wamkulu chikhodzodzo chimasunga bwinobwino mamililita 400 mpaka 500, kutanthauza pafupifupi botolo la madzi la theka la lita.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Uthenga woyamba woti muli mkodzo umabwera mukakhala mamililita 150 mpaka 250 okha, ngati kapu imodzi ya tiyi. Chikhodzodzo chimakhala chisanadzaze, mwina chili pa theka kapena kuchepera apo. Uthengawo ndi wongokudziwitsani, si wokuthamangitsani ayi.

Potulukira mkodzo pali zipata ziwiri. Cham'kati, chomwe chili pakhosi pa chikhodzodzo, chimatseka ndi kutseguka chokha, inu simungachilamule. Chakunja ndiye chanu, mumachimanga mukafuna kugwira mkodzo. Pansi pa zonsezi pali minofu yoyala kuchokera ku fupa la pachinena mpaka kumathero kwa msana, imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo ngati mbereko inyamula mwana. Mbereko ikamasuka, mwana amatsetsereka. Mimba zingapo, uchembere wovuta, kusenza katundu wolemera zaka zambiri, chifuwa chosatha ndi kusiya kusamba, zonsezi zimamasula minofu imeneyi.

Minyewa yoyendetsa ntchitoyi ili m'magulu atatu. Gulu loyamba limachokera cha pakati pa msana, kuyambira pa nthiti zomaliza mpaka kumayambiriro kwa chiuno, malo amene madokotala amalemba kuti T11 mpaka L2. Ntchito yake ndi yosunga: limauza khoma la chikhodzodzo kuti limasuke, chipata cham'kati chitseke. Gulu lachiwiri limachokera kumunsi kwenikweni kwa msana, pa S2, S3 ndi S4, ndipo ndi limene limalamula khomalo kuti lifinye. Lachitatu ndi mnyewa wotchedwa pudendal, wochokeranso pa S2 mpaka S4, umene umayendetsa chipata chakunja chija.

Chikhodzodzo chikamatamuka, timinyewa ta m'khoma lake timatumiza mthenga kukwera msana wonse mpaka ku ubongo. Kutsinde kwa ubongo, pamalo otchedwa pons, pali kachigawo kamene kamagwirizanitsa zinthu kuti khoma likamafinya, zipata zitseguke nthawi yomweyo. Anakapeza ndi dokotala wa ku Britain, Frederick Barrington, mu 1925 pofufuza pa amphaka. Koma kachigawoka ndi nduna chabe. Amfumu ali kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, ndipo ndiwo amayang'ana ngati malo ndi nthawi zili zoyenera. Mukakhala mu minibasi kapena pamaliro, amfumu amati ayi, nduna n'kukhala chete. Mwana wakhanda amakodza paliponse chifukwa njira yochokera kwa amfumu imakhala isanakhwime. Imayamba kugwira ntchito masana mwana akafika zaka ziwiri kapena zitatu, koma usiku imachedwerapo.

Ndiye n'chifukwa chiyani ine zinkandichitikira pakhomo penipeni? Ubongo umaphunzira mwa kubwerezabwereza. Zaka zambiri ndinkati ndikafika kunyumba, chinthu choyamba chinali kupita kuchimbudzi. Mapeto ake kulira kwa makiyi kunasanduka chilolezo, nduna n'kumatsegula chipata amfumu asanalankhule. Ena zimawachitikira akamva madzi akutuluka pampopi, kapena akangopisa manja m'madzi ozizira potsuka mbale m'mawa. Ndipo munthu akazolowera kukodza "kuti ndisavutike m'njira" chikhodzodzo chili ndi timadzi tochepa, chimazolowera kuitana chisanafike n'komwe pa theka.

Kuzizira kwa kuno nakonso kumawonjezera. Thupi likazizidwa, mitsempha ya magazi ya pakhungu imafinyika, magazi ambiri amathawira m'kati, ndipo impso zimayamba kutulutsa madzi ochuluka. Thukuta silituluka. Pamwamba pa izo, June ndi July ndi miyezi imene ketulo sichoka pamoto. Mu tiyi, khofi ndi zakumwa za kola muli caffeine, amene amachulukitsa mkodzo komanso kutekenya chikhodzodzo. Mowa umalepheretsa timadzi ta m'thupi totchedwa ADH, tomwe timauza impso kuti zisunge madzi makamaka usiku.

Yambani ndi kope la sukulu, musanasinthe chilichonse. Dulani botolo la pulasitiki la malita awiri, thiranimo madzi oyezedwa n'kulemba mizere pa mamililita 100 alionse. Kwa masiku atatu muzikodzera m'menemo n'kulemba nthawi ndi kuchuluka kwake. Lembaninso zimene mwamwa, ndipo mukadontha lembani zimene mumachita nthawi imeneyo. Usiku nawonso uwerengedwe. Anthu ambiri amakodza maulendo 4 mpaka 8 pa tsiku, ndipo kudzuka kamodzi usiku si vuto, makamaka kwa ife akuluakulu. Kope langa linaonetsa maulendo 14, ndipo nthawi zambiri mkodzo unkangofika pa mzere woyamba. Makapu a tiyi anali asanu. Madzi enieni sankakwana ndi makapu awiri omwe.

Kopelo lidzakuuzani mtundu wa vuto lanu. Ngati mkodzo umadontha potsokomola, poyetsemula, poseka kapena potukula ndowa, popanda kumva kupanidwa, ndiye kuti mbereko ija yafooka. Ngati umabwera ndi chipanikizo chadzidzidzi, ndiye kuti khoma la chikhodzodzo likufinya lisanauzidwe. Amayi ambiri ali ndi zonse ziwiri. Ngati ulendo uliwonse mkodzo ukutuluka wambiri, ludzu silikutha ndipo mukuonda, pitani mukayezetse shuga musanachite china. Ndikulangizanso aliyense kuti ayambe wakayezetsa mkodzo kuchipatala, chifukwa tizilombo tikalowa m'chikhodzodzo timabweretsa chipanikizo chomwechi, ndipo mankhwala oyenera amathetsa m'masiku owerengeka.

Kenako bwererani ku madzi. Ndikudziwa kuti zikumveka zobwerera m'mbuyo kuuza munthu wodontha kuti amwe, koma mkodzo wokhathamira wofiirira umanyerenyetsa khoma la chikhodzodzo, ndipo kusamwa madzi kumabweretsa kudzimbidwa. Lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri pa tsiku, pang'onopang'ono, osati kugugudiza kamodzi. Mkodzo uzioneka wachikasu chotuwa. Ngati adokotala anakuikirani malire a madzi chifukwa cha mtima kapena impso, tsatirani zimene anakuuzani iwowo. Tiyi ndinamutsitsa kufika makapu awiri, onse a m'mawa, ndipo madzulo ndikazizidwa ndimamwa madzi otentha a mandimu. Lekani kumwa kutatsala maola awiri kuti mugone. Amene miyendo imatupa masana, gonani chagada chakumadzulo miyendo itatsamira pa pilo kwa ola limodzi, kuti madziwo atuluke musanalowe m'bulangete. Ndipo amene mumamwa mankhwala a BP okodzetsa, funsani kuchipatala ngati mungamamwe m'mawa. Musawasiye panokha.

Tsopano maphunziro enieniwo. Onani m'kope kuti mumakhala nthawi yaitali bwanji osakodza. Ine linali ola limodzi. Yambirani pomwepo: muzipita kuchimbudzi potsata wotchi, ola likakwana, osati potsata chipanikizo. Mukakwanitsa masiku angapo osavutika, wonjezerani mphindi 15. Sabata yotsatira mphindi 15 zina. Cholinga ndi kufika maola atatu kapena anayi. Usiku musadziikire wotchi, mukadzuka ndi mkodzo pitani basi.

Chovuta ndi pamene chipanikizo chabwera nthawi isanakwane. Thupi lonse limakuuzani kuti thamangani, koma kuthamanga kumagwedeza chikhodzodzo n'kuchifinyitsa kwambiri. Imani pomwe mulipo. Ngati pali mpando wolimba kapena khonde, khalani. Mangani minofu ya kumusi, ya mbereko ija, mofulumira kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kumanga ndi kumasula. Izi si zongodzilimbitsa mtima: chipata chakunja chikamangika, uthenga umapita kumsana n'kukaziziritsa minyewa imene imafinyitsa khoma lija. Pumani mofatsa. Upatseni ubongo ntchito ina. Ine ndinkawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 100, kapena kutchula malo amene basi imadutsa popita ku Lilongwe: Chikangawa, Jenda, Nkhamenya, Kasungu, Mponela, Lumbadzi. Chipanikizo chimakwera ngati funde la kunyanja kenako chimatsika, nthawi zambiri m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Chikatsika, ngati nthawi yakwana, yendani pang'onopang'ono kupita kuchimbudzi.

Za pakhomo paja ndinachita motere. Ndikafika, ndinkaima kaye n'kumanga minofu ndisanagwire makiyi. Ndikalowa ndinkatula katundu, kuvula nsapato, kukhala pampando mphindi ziwiri, kenako zisanu, kenako khumi. Ndinkafuna ubongo uiwale zoti chitseko ndi chimbudzi n'zoyendera limodzi. Masabata awiri oyamba ndinalephera kangapo ndipo ndinalira. Musasiye chifukwa cha tsiku limodzi loipa. Maphunziro amenewa amafuna masabata osachepera 6, ndipo ine zinanditengera miyezi itatu kuti ndifike maola atatu.

Komanso musapitirire muyeso. Ndikudziwa aphunzitsi ndi amayi ogulitsa kumsika wa Taifa amene amagwira mkodzo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa chifukwa chosowa womusiyira kalasi kapena benchi. Mkodzo wokhalitsa umapatsa mpata tizilombo kuswana, ndipo khoma lotamulidwa mopitirira kwa zaka limafooka.

Minofu ya mbereko ija imalimba ndi masewera amene dokotala wa amayi wa ku America, Arnold Kegel, anafalitsa mu 1948. Kuti muipeze, gonani chagada mawondo atapindika, n'kuyerekeza kuti mukugwira mpweya woipa pakati pa alendo, kenako kokerani m'mwamba ndi kutsogolo ngati mukugwiranso mkodzo. Matako, ntchafu ndi mimba zisalimbe, ndipo musagwire mpweya wopuma. Ngati mukumva ngati mukukankhira pansi, mwalakwitsa, yambiraninso. Abambo mukachita bwino mudzaona tsinde la maliseche likukokeka pang'ono. Mangani masekondi atatu, masulani masekondi atatu, ndipo pakapita masabata muzifika masekondi 10. Chitani kosachepera 8 pa ulendo umodzi, katatu pa tsiku, kwa miyezi itatu. Kumasula n'kofunika mofanana ndi kumanga. Ine ndinazimangiriza ku ntchito zapakhomo kuti ndisaiwale: podikira madzi a tiyi kuwira, podikira phala la nsima kuti lithakathake, ndi pogona nditatha kupemphera. Mukazolowera, muzimanga musanatsokomole, musanayetsemule ndi musanatukule ndowa.

Ena amaphunzitsa kuti muzidula mkodzo pakati mukamakodza. Kamodzi kokha kuti mudziwe mnofu wake, palibe vuto. Koma chisakhale chizolowezi, chifukwa mumasokoneza mgwirizano uja wa khoma ndi zipata, ndipo mkodzo umayamba kutsalira.

Kakodzedwe nakonso kali ndi njira yake. Khalani pansi ndithu kapena njutani mokwanira ngati chimbudzi n'chokumba. Kulendewera m'mwamba poopa uve wa zimbudzi za kudepoti kumachititsa minofu ya kumusi kukhala yomangika pamene ikuyenera kumasuka. Musakankhe ndi mimba, siyani chikhodzodzo chigwire ntchito yake. Ngati mumamva kuti watsalira, dikirani theka la mphindi, weramirani kutsogolo n'kuyesanso. Amayi tizipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, chifukwa njira yathu ya mkodzo ndi yaifupi, masentimita 4 okha, pamene ya abambo imafika pafupifupi 20. Abambo amene timadontho timanyowetsa kabudula mukamaliza, ikani zala kuseri kwa machende n'kusisita mofatsa kupita kutsogolo musanavale. Ndipo musalekerere kudzimbidwa, popeza thumbo lodzaza limatsamira chikhodzodzo. Masamba, nyemba, mapapaya, nthochi ndi nsima ya mgaiwa zimathandiza.

Pali zina zimene kope ndi masewera sizingathetse, ndipo ndikupemphani kuti apa muwerenge mofatsa.

Magazi mumkodzo si chizindikiro choti mnyamata wakula, monga ena amanenera. Ife a kuno timatsikira ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche kukasamba m'nyanja, ndipo likodzo limalowa pakhungu m'madzi momwemo. Mazira a nyongolotsi zake amakakamira m'khoma la chikhodzodzo, ndipo pakapita zaka khomalo limauma, impso zimaonongeka, ena amadwala khansa ya chikhodzodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel. Munthu wachikulire akaona magazi, ngakhale kamodzi kokha popanda ululu, akapimidwe bwinobwino. Kuwotcha pokodza pamodzi ndi kutentha thupi ndi kupweteka m'mbali mwa msana kumasonyeza kuti matenda akwera ku impso, ndipo kwa mayi woyembekezera zimenezi sizigonetsa.

Abambo athu opitirira zaka 50, pansi pa chikhodzodzo chanu pali kachiwalo kotchedwa prostate kamene njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Kakamakula kamapana njirayo. Mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, ndipo mumadzuka kangapo usiku. Vuto lanu si lofunika kuphunzira kudikira, n'lofunika kupimidwa. Ndinalandirapo agogo ena amene anagona masiku awiri osakodza, chinena chitatupa ngati mpira, akumwa zitsamba poopa kuuza mpongozi wawo. Nditawaika kachubu anapuma mozama n'kunena kuti, "Anesi, ndikanadziwa ndikanabwera dzana." Mkodzo ukatsekeka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi usiku. Dziwaninso kuti mankhwala ena a chimfine ndi oletsa kuyabwa, monga Piriton, akhoza kutsekeratu mkodzo mwa bambo amene prostate yake ndi yotupa kale.

Popeza minyewa yonse ija imadutsa mumsana, chilichonse chovulaza msana chimakhudza chikhodzodzo. Munthu amene msana ukumupweteka, ndipo wayamba kuchita dzanzi pakati pa miyendo ndi m'matako, miyendo ikufooka, mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukungotuluka osamva, athamangire naye ku Mzuzu Central Hospital nthawi yomweyo. Minyewa ya kumunsi kwa msana ikapanikizika nthawi yaitali ikhoza kuonongekeratu. N'chimodzimodzi amene wagwa panjinga yamoto ya kabaza n'kumenyetsa msana. Shuga wa zaka zambiri nayenso amapha minyewa pang'onopang'ono, moti chikhodzodzo chimadzaza mwini wake osamva, n'kumasefukira.

Mukamasamala kholo limene linachita sitiroko kapena layamba kuiwalaiwala, kumbukirani kuti amene avulala ndi amfumu aja. Sakuchitira dala. Musadikire kuti apemphe. Muziwaperekeza kuchimbudzi maola awiri alionse, komanso akangodzuka ndi asanagone. Ikani kachidebe pafupi ndi bedi ndi tochi pomwe angafikire, ndipo muziwaveka zovala zosavuta kuvula. Khungu likanyowa litsukeni ndi kuliumitsa msanga, lipakeni Vaseline kuti lisachite zilonda.

Mayi amene mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku osalekeza chibadwire mwana movutikira, mwina ali ndi fistula, bowo limene latseguka pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera chifukwa mutu wa mwana unapana malowo nthawi yaitali. Masewera sangatseke bowo. Opaleshoni ndiyo imatseka, ndipo ku Bwaila mu Lilongwe kuli malo apadera othandiza amayi otere. Yambirani kuchipatala chapafupi kuti akutumizeni. Ndaonapo amayi atakhala kuseri kwa nyumba zaka zambiri ndi vuto lochizika.

Za ana okodza pogona ndingonena mwachidule, koma ndi mtima wonse. Mwana wosakwana zaka 5 sanalakwe kanthu, minyewa yake ikukhwima. Ngakhale wopitirira pamenepo, kawirikawiri thupi lake silinayambe kupanga ADH wokwanira usiku, kapena tulo take n'tolemera moti mthenga wochokera ku chikhodzodzo sakumudzutsa. Nthawi zambiri zimayenda m'magazi, mukafufuza mupeza kuti bambo ake kapena amalume ake analinso choncho. Kumumenya kapena kumusenzetsa mphasa yonyowa pamaso pa anzake sikukhwimitsa mnyewa ndi umodzi womwe. Azimwa madzi ambiri masana, ochepa madzulo, akodze asanagone, ndipo onetsetsani kuti sakudzimbidwa. Ngati anali atasiya kwa miyezi n'kuyambiranso, kapena akumwa madzi mosalekeza, mukamuyezetse mkodzo ndi shuga.

Mukachita zonse ndafotokozazi kwa miyezi itatu koma osaona kusintha, bwererani kuchipatala. Alipo mankhwala oziziritsa khoma la chikhodzodzo, alipo omasula prostate, ndipo a physiotherapy amatha kuona ngati mukumanga mnofu woyenera. Popita tengani kope lanu lija, mapepala a mankhwala onse amene mukumwa ndi buku lanu la kuchipatala. Mukalowa, musayambe ndi mutu kapena msana n'kusiya nkhani yeniyeni kuti muinene mutagwira kale chitseko, monga ankachitira odwala anga ambiri. Tsegulani kopelo patebulo n'kunena kuti, "Adokotala, ndabwera chifukwa cha mkodzo."